Maliro a Laisensi

"Ndiye mukuti minibasi ili kugalaja?" anafunsa Mervis akutula dengu la tomato pakhomo, mwana ali kumsana.

"Giyabokosi," anayankha Bonifasi ali chigonere pamphasa, osatembenuka n'komwe. "Zinthu zimenezi inu simungazimve, amake Clara."

"Ndingazimve bwanji ine wogulitsa tomato. Koma maso ndili nawo. Minibasi yakufa giyabokosiyo yandithira fumbi pa Nthukwa pompano, yodzaza mpaka kondakitala matako kunja. Kumbuyo kwake analembako kuti Ukaipa Dziwa Nyimbo. Kapena zilipo ziwiri?"

Bonifasi anadzuka, n'kuyamba kufunafuna silipasi imene inali kuphazi kwake. Mervis anangoima pomwepo, manja m'chiuno. Anali atakhala naye mokwanira mwamunayu, moti ankadziwa kuti akayamba kufuna chinthu chimene sichinatayike ndiye kuti bodza lamuthera.

Pa Chilomoni ponse, dzina loti Bonifasi ankalikumbukira ndi mkazi wake ndi ansembe amene anamubatiza basi. Ena onse ankamutcha a Laisensi. Chaka chimene anakhoza mayeso oyendetsa galimoto, panalibe munthu amene sanaonetsedwe kabukuko: ogulitsa makala, ometa tsitsi, ngakhale agogo osaona bwino anakagwira ndithu. Pofunsira Mervis, anayamba watulutsa laisensi asanatchule ndi kwawo komwe. Dzinalo linamukakamira, ndipo mwini wake ankalikonda kuposa la ubatizo.

Tsono madzulo amenewo, a Laisensi anaulula kuti laisensi alibe. Apolisi a pamsewu anamugwira atapakira folofolo, anthu anayi pampando wa atatu, ena awiri atakhalira injini. Kukhoti anamugamula chindapusa, ndipo anati laisensi ikhale yotsekeredwa komweko mpaka atalipira yonse. Tsiku lolipira linafika, linapita, iye m'thumba muli gwa. Madalaivala anzake kusiteji anamuuza mwachidule kuti laisensi yotero ndiye kuti yafa, imadzuka ndi ndalama basi.

"Wolamula folofoloyo ndi ndani?" anafunsa Mervis.

"Mukudziwa kale. A Ramsey amafuna tageti yawo madzulo aliwonse. Ukapakira atatuatatu tageti sikwana, ndipo ikapanda kukwana amadula pamalipiro."

"Ndiye alipire chindapusacho ndi iwowo."

"Akuti wogwira chiwongolero ndinali ine."

"Ndiye kuti mulipire mukufunika kuyendetsa, kuti muyendetse mukufunika laisensi, kuti mutenge laisensi mukufunika kulipira. Anaganiza zimenezi anali atadya bwino." Mervis anamasula mwana n'kukhala pansi. Mkwiyo unali utayamba kusanduka mantha, chifukwa tomato yekha sakanatha kulipira nyumba. "Chimene chandipweteka si laisensi, bambo a Clara. Mwandinamiza masiku onsewa ngati ndine wolowa m'nyumba muno dzulo. Mutu umodzi susenza denga. Wobisa matenda maliro adzamuulula."

Mervis sanadziwe kuti mwambi umenewu waulankhula ngati mneneri.

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi anakwera chitunda onse awiri kupita kwa a Ramsey Mulepa, mwini minibasi. Zaka zimenezo matipati anali atazolowereka, ndipo munthu aliyense wokhala ndi minibasi zitatu ankadziona kale ali phungu. A Ramsey anali nazo zinayi. Chisankho chinali chikuyandikira, ndiye panalibe maliro pa Chilomoni amene bambowa ankajomba. Ankafika ndi pikiapu, bokosi lili kumbuyo, n'kupempha kuti apatsidwe mpata wolankhula.

Anawalandirira panja, pafupi ndi khola la agalu. Anadandaula kuti kwacha yagwa, matayala akwera mtengo, bizinesi ikungowalemetsa mutu. Anati masiku ano ndi demokalase, aliyense asenze mtanda wake. Mervis atagwada n'kupempha kuti angowabwereka, azidula pang'onopang'ono, a Ramsey anaseka mokoma mtima ngati amva nthabwala ya mwana.

"Mayi, ine ndikayamba kulipirira dalaivala aliyense, mawa onse azikaimika minibasi pakhomo pa polisi dala. Mwamuna wanu ndimamukonda. N'chifukwa chake ndamusungira malo mpaka mwezi uno utatha. Ukatha, amene akuyendetsa panoyo ndiye mwini chiwongolero."

Kuyambira tsiku limenelo Bonifasi anasiya kutuluka m'nyumba. Munthu wotchedwa Laisensi angayende bwanji pamsewu alibe laisensi? Chakudya ankangochitola, ndipo kolala ya shati inayamba kumukhwepa. Oyandikana nawo atayamba kufunsa chimene bambo akubindikirira masana, Mervis, yemwe uja wa mwambi wa kubisa matenda, anayankha kuti sakupeza bwino. Zaka zimenezo dalaivala akagona masabata angapo n'kuyamba kuwonda, anthu sankafunsa kawiri. Ankangogwedeza mitu, n'kumakanena zotsalazo kuseri.

Anagulitsa wailesi. Anagulitsa nsapato za ukwati. Zonse pamodzi sizinafike ndi theka lomwe. Mwezi utatsala pang'ono kutha, Bonifasi analawira mbandakucha, anthu asanadzuke, kupita ku Bangwe kwa malume ake kukayesa mwayi womaliza. Mervis naye anatsimikiza mtima kuti apita yekha kukhoti akagwade, mwina mawu a mzimayi wobereka mwana angafewetse munthu.

Asananyamuke anapita kumpopi kukatunga madzi, ndipo tsoka silinunkha, anapezako mayi Lusiya. Amenewa anali mtsogoleri wa amayi a mphakati, munthu wa mtima wabwino ndi miyendo yofulumira. Nkhani ikalowa m'khutu mwawo kumpopi, pofika masana inkakhala itabatizidwa kale ku Chirimba. Anamuyang'ana Mervis, maso ofiira, milomo youma, n'kumugwira phewa.

"Mwana wanga, kunyumba kwadzuka bwanji?"

Chifundo n'choopsa kwa munthu amene wakhala akudzilimbitsa. Mervis anafuna kuyankha kuti kwadzuka bwino, koma chimene chinatuluka chinali kulira kwa masabata onse aja. Analira mpaka Clara kumsana anayamba kuthandizira. Ndipo pakati pa kusisima ananena zoona zake kwa nthawi yoyamba.

"Laisensi yafa, amayi. Ife tatha."

Pakati pa "yafa" ndi "afa" pali kachilembo kamodzi kokha, ndipo munthu wolira amakameza pamodzi ndi mamina. Mayi Lusiya anagwira pakamwa.

"Mayo ine. Kuti?"

"M'tauni. Akuti tikapanda kulipira sitikatenga."

"Mpaka kulipira? Dziko laipa ili."

"Ndikupita konko kukawachonderera."

"Pita mwana wanga, pita. Zakuno usade nazo nkhawa, maliro n'kulirana."

Mervis anamva mwambiwo ngati mwambi chabe. Anathokoza, anakatula madzi, anakhoma chitseko n'kutsika kukakwera minibasi. Mayi Lusiya ndowa yawo anaisiya ikusefukira.

Kukhoti anakhala pabenchi mpaka dzuwa linapendeka. Kalaliki amene anamulandira sanali munthu woipa. Anamvetsera zonse, anamuseweretsa Clara, kenako ananena kuti chindapusa salipira mobenthula ngati ngongole ya pagolosale. Anati bambowo akagwire ntchito apeze ndalama. Mervis atafunsa kuti ntchito yake iti, poti ntchito yawo ili m'kabati kumbuyo kwanuko, kalaliki anayang'ana kabatiyo, anayang'ana Mervis, n'kunena kuti lamulo sanalembe ndi iye. Kenako anaitana wotsatira.

Atatsika minibasi pa Chilomoni, anaona masamba aawisi atayalidwa pamsewu wolowera kwawo, chizindikiro chakuti kutsogoloko kuli zovuta. Wanjinga anali atatsika akukankha, amuna akuvula zipewa. Mervis anadzifunsa kuti ndani wina uyu. Atakhota pa chigayo anamva nyimbo ya maliro, ndipo inkachokera pabwalo pake. Amuna anali atakhala pamabenchi a kutchalitchi, amayi atadzaza pakhonde, moto ukuyaka kuseri.

Mayi Lusiya anamuthamangira, namukumbatira akulira kuti a Laisensi atisiya, a Laisensi apita. Mervis sanakumbukirenso za kumpopi. M'mutu mwake munangobwera msewu wa ku Bangwe, malole ake, ndi mwamuna wofooka ndi njala akuyenda m'mbali mwa phula mdima usanathe. Anakumbukira kuti m'mawa sanamutsanzike bwino, anangomuuza kuti asabwere chimanjamanja. Anagwa pansi n'kulira kulira kwenikweni, kwa mkazi amene wazindikira kuti munthu wopusa uja, wabodza uja, ankamukonda ndi mtima wake wonse. Amayi anamunyamula kupita naye pakhonde, akuuzana kuti waona, chisoni chimabwera bwino munthu akafika pakhomo.

Posakhalitsa inafika pikiapu. Anyamata anatsitsa bokosi lonyezimira, la zogwirira zasiliva, limene pa Chilomoni ankaikira ahedimasitala okha. Pambuyo pake anatsika a Ramsey atavala suti yakuda, mpango uli kumaso. Sanadikire kuti mwambo uyambe. Anati mawa ali ndi msonkhano, choncho apemphe kulankhuliratu.

Analankhula bwino, munthu asaname. Anati malemuwa sanali wantchito koma mwana wa m'nyumba mwawo. Anati dalaivala wosamala chotere Blantyre sadzamuonanso. Anati bokosi ili ndi kachinthu kochepa, ndipo anthu a pa Chilomoni adziwe kuti pamene pagwa misozi, Ramsey Mulepa amakhala pomwepo. Kenako anakweza dzanja kumwamba, mawu akunjenjemera.

"Chimene chikundiwawa n'chakuti mwana ameneyu sanandiuze kuti ali pamavuto. Akanangotsegula pakamwa, ine ndikanagulitsa ngakhale minibasi kuti ndimuthandize. Mulungu ndi mboni."

Ngakhale mkati mwa chisoni, mawu amenewo anamubaya Mervis ngati minga. Anadzutsa mutu kuti awaone bwino bambowo. M'malo mwake anaona munthu wina kumapeto kwa bwalo, woonda, wafumbi mpaka m'mawondo, chipewa chili m'manja, nkhuku yamoyo ili kukhwapa. Nkhukuyo ndiyo inali thandizo lonse la malume a ku Bangwe. Munthuyo anawerama mwaulemu pafupi ndi bambo wina wa pabenchi yomaliza, ndipo poti a Ramsey anali ataima kaye kuti apukute maso, funso lake linamveka bwalo lonse.

"Pepani akulu, watisiya ndani? Mayi kapena mwana?"

"A Laisensi," anayankha bamboyo akuyang'ana pansi. "Adwala nthawi yaitali, zomwezi." Kenako anatukula maso.

Benchi inagubuduzika. Zimene zinatsatira anthu a pa Chilomoni amazisimba mosiyanasiyana, koma onse amavomereza kuti mayi Lusiya, amene ankadandaula nyamakazi chaka chonse, analumpha mpanda wa maluwa osaukhudza. Oimba anamwazika nyimbo ili pakati. A Ramsey anapezeka ali m'pikiapu, magalasi atakweza. Nkhuku nayo inapulumuka, n'kukatera pamwamba pa bokosi.

Mervis yekha ndiye anathamangira kumene ena ankathawa. Anamugwira Bonifasi shati, anamugwira nkhope, anamumenya chibakera pachifuwa kuti amve ngati ndi thupi, kenako anamukumbatira pamaso pa anthu, chinthu chimene sanachitepo chikwatiwire. Bonifasi naye misozi inali mbwembwembwe, chifukwa kuchokera pamasamba paja ankaganiza kuti wafedwa mkazi.

Anthu anabwerera mmodzimmodzi, aliyense akunena kuti iye sanathawe, amangopatuka. Mayi Lusiya anatulukira kuseri kwa bafa, chitenje chodzaza zisoso, n'kulumbira kuti anamva ndi makutu awo. Mervis anabwereza mawu ake a kumpopi pang'onopang'ono, kachilembo kaja akukatchula bwinobwino. Wina anaphulika kuseka, ndipo bwalo lonse linaseka mpaka oimba anakhala pansi. Manyazi amene banjali linawabisa mwezi wonse anayalidwa poyera. Bonifasi anangozolika.

A Ramsey anatsika m'pikiapu akukonza tayi. Anati Mulungu alemekezeke, ndipo analamula anyamata kuti akweze bokosi, abwerere nalo kwa kalipentala lisanafumbire. Anyamatawo asanafike, Mervis anapita n'kukhalapo, nkhuku itamusunthira.

"Bwana, ine sukulu sindinapite nayo patali, ndiye mundithandize. Mwanena pano kuti bambo a Clara sanakuuzeni mavuto awo. Kodi amene tinagwada pafupi ndi khola la agalu Lamlungu lija tinali ndani?"

A Ramsey anati nkhani zotere sakambira pagulu.

"Pagulu pomwe pano ndi pamene mwaitana Mulungu kukhala mboni. Mwati mukanagulitsa minibasi. Musagulitse, ana anu angavutike. Chindapusa chimene chapha laisensi sichikufika mtengo wa bokosi ndakhalirali. Folofolo munalamula ndinu, tageti munadya ndinu. Munthu ali moyo munati kwacha yagwa. Lero mwamva kuti wafa, kwacha yadzuka. Ndiye tiuzeni, ife amoyo amene tikaponye voti, kuti mutithandize tiziyamba tafa?"

Amayi anang'ung'udza movomereza. Mkulu wina wa mphakati, amene anali akufunabe nsapato yake imodzi, anaonjeza kuti kwawo bokosi likatsika pakhomo silikweranso galimoto lopanda kanthu, ndipo wolibweza amakhala akudziitanira yekha. Kaya mwambo umenewo unalipodi kaya anaupeka pomwepo, palibe anafunsa. Dalaivala wa pikiapu anangoti iye ali ndi ana aang'ono, salinyamula.

A Ramsey anayang'ana bwalo lonse. Anali anthu ambiri, ndipo aliyense anali ndi chala choviika mu inki. Nkhope yawo inasintha ngati munthu amene wakumbukira nkhani yabwino. Analengeza kuti iwo anali ataganiza kale zolipira chindapusacho, amangodikira nthawi yoyenera, ndipo anapisa m'thumba la jekete anthu onse akuona. Amayi analuluta. A Ramsey anakweza manja onse awiri ngati apambana kale.

M'mawa mwake kalaliki yemwe uja anatsegula kabati ija osavuta. Bonifasi anapsompsona kabuku kake pakhomo pa khoti, ndipo mwezi usanathe anali pachiwongolero. Kusiteji dzina linali litasintha, tsopano anali a Malemu. Zina zonse sizinasinthe. Tageti inali yomweyo, folofolo yemweyo, apolisi pamalo pawo pomwe paja. Pamalipiro a mwezi wotsatira a Ramsey anayamba kudula pang'onopang'ono, chindapusa ndi bokosi lomwe, ponena kuti bokosilo linatsala kwa Bonifasi. Choncho Bonifasi ankadzuka m'mawa uliwonse kukapakira anthu anayianayi kuti amalize kugula bokosi lake.

Bokosilo kunsi kwa bedi silinakwane. Kalipentala analikana, ndipo panalibe woyandikana naye amene ankafuna kuoneka akulifunsa mtengo. Mervis analiika pabalaza, analiyala nsalu yoluka, n'kuikapo maluwa apulasitiki. Alendo ankamwera tiyi pomwepo, ena osadziwa. Koma madzulo, minibasi ikachedwa kuliza hutala pa chigayo, Mervis sankafuna kuliyang'ana.

Patapita masabata angapo kunabwera Salome, mkazi wa dalaivala wina wa a Ramsey. Anakhala pamphasa, anakana tiyi, anayamba nkhani ya mvula, ya mtengo wa sopo, maso ake ali patebulo lachilendolo. Potsiriza anaulula kuti amuna ake anawagwira ndi folofolo, laisensi ili m'kabati, ndipo bwana akuti kwacha yagwa.

"Ndiye ndimati ndifunse, achemwali," anatero akupotokola nsonga ya chitenje. "Bokosili Loweruka likudzali muligwiritsa ntchito?"

Mervis anayamba kuseka, koma atamuyang'ana mnzakeyo m'maso anaona kuti sakuseka. Anali maso omwe aja amene iye anapita nawo kumpopi. Anasuntha maluwa apulasitiki, n'kumugwira dzanja.

"Bokosi musavutike nalo, bwana amabweretsa okha," anatero. "Inu mungolawira kumpopi. Mayi Lusiya amatunga madzi sikisi koloko."